Kiyi Amene Ndinasinthanitsa ndi Mchere

Inu owerenga, ine kulemba sindikudziwa bwino, sukulu ndinalekezera panjira, koma zimene zinandigwera sindingazisunge ndekha. Ndinatenga kiyi wakale wa m'nyumba mwathu n'kukamupereka pamsika posinthanitsa ndi mchere, ndisanadziwe kuti kiyiyo amatsekula chiyani. Amene anavutika nazo si ine ayi, ndi mwana wanga Alesi, yemwe pa nthawiyo anali atangosiya kuyamwa. Ndiye tamverani, makamaka inu amayi anzanga amene amuna anu ali kutali.

Kwathu ndi kumunsi kwa phiri la Michesi, mbali ya ku Nkhulambe. Makolo athu anachokera ku Manguru, dziko la Apwitikizi. Agogo anga aamuna kumeneko anali amtengatenga, ndipo pobwera kuno anafika ndi bokosi lachitsulo atalipachika pamtengo ngati machira, iwo ndi abale awo. Amati mzungu mwini wake anafera panjira ndi malungo. Zoona zake sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ine ndinabadwa bokosilo lili kale pakona ya nyumba ya amayi, lakuda bii, lolemera moti amuna awiri sangalinyamule, lomangidwa ndi malamba achitsulo opingasa, mitu ya misomali ikuluikulu ili ponseponse. Kutsogolo kwake kuli bowo la kiyi lozunguliridwa ndi maluwa achitsulo. Ukakweza chivundikiro umaona kunsi kwake kuli timalilime tachitsulo tambirimbiri, koma ife tinkangoti n'zokongoletsa.

Woyang'anira bokosilo anali amalume. Lamulo lawo linali limodzi: kachipika ka mtengo kamene kanali pamlomo wa bokosi kasachoke, chivundikiro chizitsamira pamenepo. Chifukwa chake sananene. Kwathu kuno zinthu zotere amalume amauza mwana wamwamuna wa mlongo wawo, ife akazi timangouzidwa kuti musakhudze. Anaonetsa achimwene anga, ine atandithamangitsira panja. Kenaka amalume anamwalira, achimwene n'kupita ku Joni pamodzi ndi amuna anga, m'nyumba n'kutsala amayi, ine ndi mwana. Bokosilo tinkasungiramo mbewu, nandolo, mapira ndi kalongonda, poti khoswe sangaboole chitsulo.

Kiyi ndiye ankalendewera kudenga pa kachingwe kachikopa, atada ndi mwaye. Anali wautali ngati chikhatho changa, mutu wake wozungulira ngati chibangili, thunthu lake lamphako ngati bango, mano ake odulidwa mokhotakhota. Tsiku lina ndinamutsitsa n'kumuyesa pabowo la kutsogolo lija. Analowa mosavuta, ndipo ankangozungulira osagwira kanthu. Amayi nawo anayesa, chimodzimodzi. Tinagwirizana kuti ameneyu ndi kiyi wa chitseko china chimene chinatsala ku Manguru, n'kumubwezera kudenga.

Kwathu kuno kunagwa njala, ndipo chaka chotsatira mchere unasowa m'nyumba. Ndiwo za masamba a chinangwa zopanda mchere, inu owerenga mukuzidziwa, mwana amangozilavula. Pamsika, pakhonde la sitolo ina, pamakhala bambo wina wachisilamu, Che Amidu, wokhoma zidebe, wokonza nyali ndi maloko. Ndinamva kuti amatola makiyi akale. Ndinadikira amayi apite kumunda, ine n'kukwera pamtondo, kutsitsa kiyi uja, n'kumukulunga m'nsalu.

Che Amidu anamulandira. Anamupukuta ndi nsanza ya palafini, kumuyesa kulemera padzanja, kuuzira mumphako muja, kuyang'ana mano ake kudzuwa. Kenaka anandiyang'ana ine.

"Mama, loko wake ali kuti?"

Ndinaganiza kuti ndikatchula bokosi la Apwitikizi, nkhani ifika kuboma, asilikali abwere adzanene kuti agogo anaba. Ndiye ndinanama. Ndinati ndamutola polima.

"Munda wanuwo ndi wabwino, umabereka makiyi," anatero akuseka. "Uyu sanasulidwe kuno, ndipo si wa maloko a m'masitolowa. Amene anasula anali mmisiri weniweni. Koma kiyi ali yekha ndi chitsulo chabe. Mukalimanso, mukafukula loko wake, mubwere tidzakambe zina."

Anandipimira mchere m'kachitini, n'kuwonjezerapo kachidutswa ka sopo. Ndinabwerera ndikudziona wochenjera. Amayi ndinawauza kuti mcherewo wandigawira mnzanga wa kutchalitchi, ndipo kudenga sanayang'aneko.

Tsiku limene zinachitika linali Lachisanu, nyengo ya dzuwa lija loswa mtengo, mvula itayandikira. Tinatulutsa mbewu zonse m'bokosi n'kuziyanika pamphasa pabwalo. Chivundikiro tinachitsekula chonse n'kuchitsamiritsa kukhoma, kachipika kaja n'kugwera pansi, palibe anakatola. Ine ndinali panja kuingitsa nkhuku, amayi akupeta. Alesi ndinamuona akulowa m'nyumba akutsatira kamwana ka mphaka. Ndinamuona ndithu ndi maso angawa, koma ndinati m'nyumba muli mthunzi, akasewere.

Kenaka ndinamva phuu! Pambuyo pake timaphokoso tina, khethe, khethe, khethe, motsatizana ngati mano akukukutika.

Ndinathamangira m'nyumba. Kamphaka kanali pakhomo, mwana palibe. Bokosi linali lotsekeka, chivundikiro chitakhala pansi penipeni, mmene ndinali ndisanachionepo chibadwire. Ndiye ndinamva mawu ochokera m'kati, aang'ono, ngati ali pansi pa chitsime: "Amama! Amama, mdima!"

Ndinakoka chivundikirocho mpaka zikhadabo kuthyoka. Amayi anabwera ndi khasu, tinayesa kulilowetsa pamlomo, koma panalibe mpata ngakhale wa tsamba. Timalilime tija tinkati n'tokongoletsa ndi timene tinagwira mbali zonse. Amayi anati, "Tsitsa kiyi uja, tiyesenso, mwina tinkatembenuza molakwa."

Ndinangoima.

"Iwe, ndati tsitsa kiyi!"

"Kulibe, amayi. Ali kwa Che Amidu. Mchere uja."

Amayi sananditukwane. Bola akananditukwana. Anangogwada pansi n'kuyamba kupapasa bokosilo mpaka anapeza kabowo pakona ya pansi pamene dzimbiri linadya. Anathyola phesi la papaya, lija lamphako, n'kulilowetsa pamenepo kuti mpweya uzilowa. Kenaka anati, osandiyang'ana, "Thamanga. Ukapanda kumupeza usabwerenso kuno." Ndikutuluka ndinawamva akuyankhula pabowo paja, "Mwanaka, mwana wanga, ndili pano, usalire, gona ngati ukugona pamphasa."

Inu owerenga, ndinathamanga. Mchenga unkawotcha kumapazi koma sindinaumve. Ndinadutsa m'minda ya anthu yogalauza kale, ndinagwa mumtsinje wouma, kudzuka, kuthamanganso. Amayi ena ochokera kunkhuni ankandifunsa kuti kwagwanji, ine n'kungowadutsa. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: chitsulo chimatentha. Ngakhale m'nyumba, nthawi imeneyi chitsulo chimatentha. Ndinkawerengera kuti mwina panopa akulira, mwina watopa kulira, mwina wasanza, mwina phesi lija latsekeka ndi nsalu yake. Kenaka ndinasiya kuganiza n'kumangotchula dzina lake.

Nditafika pakhonde la sitolo paja, zidebe zinali zitaunjikidwa bwinobwino, mwini wake palibe. Telala wa pambali anati, "Lero Lachisanu, mayi, ali kumzikiti. Mudikire atuluke."

Kudikira? Ndinalunjika kumzikitiko. Ine mkazi wachikhristu, mutu wosafunda, nsalu itamasuka, fumbi thupi lonse, ndinakaima pakati pa nsapato ndi nkhwawilo zimene anavula pakhomo, n'kukuwa dzina la Che Amidu. Mkulu wina wandevu zoyera anatuluka nkhope itakwinyika kudzandiletsa. Ndinagwada n'kunena kuti mwana wanga watsekeredwa m'bokosi lachitsulo, kiyi ali ndi Che Amidu. Mkuluyo sanafunsenso kanthu. Analowa, ndipo posakhalitsa Che Amidu anatuluka akuthamanga, nsapato zili m'manja.

Pakhonde paja anakhuthula chitini cha makiyi pansi. Analipo ambiri, inu, a matiranki, a maloko a njinga, a zitseko za m'maesiteti, ndipo akuluakulu akale ofanana ndi wanga analiponso angapo. Onse anali atatsukidwa, mwaye uja kulibe. Ndinatola wina, kumusiya, kutola wina. Kiyi amene ndinakula ndikumuona kudenga sindinathe kumuzindikira. Ndinagwira wamkulu kuposa onse n'kufuna kuthamanga naye, koma Che Amidu anandigwira mkono.

"Ameneyo ndi wa chitseko cha nyumba ya fodya. Dekhani, mama. Wanu uja wotola m'munda ndi uyu."

Ndinawauza kuti ndinanama, ndipo kuti ngakhale kiyiyo akhale yemweyo, tinamuyesa kale, amangozungulira. Anandifunsa kuti bowolo lili pati, ndinati kutsogolo. Anafunsa ngati pakati pa bowolo pali kamsomali kotulukira. Ndinati palibe, chala changa chimalowa n'kukagunda chitsulo kumbuyo basi.

"Ndiye si bowo lake limenelo," anatero. Anandionetsa mphako ya kiyi ija. Anati kiyi wamphako amafuna loko wokhala ndi kamsomali pakati, kuti kalowe mumphakomo, ndipo bowo lopanda kamsomali n'lonamizira akuba. Anandionetsanso mutu wake, mmene unaphwatalalira mbali imodzi. Anati chimenecho n'chizindikiro chakuti ankalowetsamo chitsulo pomutembenuza, kutanthauza kuti loko wake ndi wolimba, wa malilime ambiri, wodzitsekera yekha chivundikiro chikagwa. Anati ali mnyamata anaonapo bokosi lotero ku Kilimane, doko la Apwitikizi, ndipo bowo lenileni linali lobisika pamwamba. Zonsezi ankanena akumanga botolo la palafini ndi tizitsulo take panjinga. "Mukanandiuza tsiku lija, mama, ndikanakuuzani tsiku lomwelo. Kwerani."

Ndinakhala pakaliyala. Bambo uja si mnyamata, koma anapalasa mpaka mkanjo wake unanyowa ngati wagwa m'madzi. Pamchenga tinkatsika n'kukankha, kenaka kukweranso.

Tisanafike n'komwe kumudzi ndinayamba kumva phokoso. Ngwee! Ngwee! Ngati belu la kumishoni, koma loipa. Che Amidu anatchula dzina la Mulungu n'kuimirira pamapedulo.

Pakhomo pathu panali podzaza anthu. M'nyumba, a Makwinja, oyandikana nafe nyumba, ndi alamu awo anali kusinthana kumenya chivundikiro, wina ndi msana wa nkhwangwa, wina ndi nyundo. Thukuta lili chuchuchu. Sindikuwaimba mlandu, inu owerenga. Anamva mwana akulira, anachita chimene mwamuna aliyense angachite, ndipo amayi ndiwo anawapempha ataona kuti ine ndikuchedwa. Che Amidu analowa akukuwa, "Lekani! Lekani, abale! Mukumenya mutu wa mwana!"

Analeka. M'nyumba munati zii. M'bokosi namonso munali zii.

Ndinaika pakamwa paphesi la papaya lija n'kuitana Alesi. Palibe yankho. Ndinaitananso. Amayi anati mwana anasiya kulira kalekale. Che Amidu anali atayamba kale kupapasa mitu ya misomali ya pamwamba, umodziumodzi, kuikankha uku ndi uku. Inalipo yambiri, ina itaphwanyika ndi nyundo. Ndikuwayang'ana choncho ndinakumbukira tsiku lija amalume anandithamangitsira panja. Ndinasuzumira pamng'alu wa chitseko, ndipo ndinawaona akupaka mafuta a nsatsi pamalo amodzi, pakatikati pa chivundikiro, pamene malamba awiri amapingasana. Pa nthawiyo ndinkangoti akupukuta.

"Apa," ndinatero. "Yesani apa."

Che Amidu anathirapo palafini, kugogoda pang'onopang'ono m'mbali ndi kachitsulo, ndipo kachidutswa ka lamba kanasuntha n'kutembenukira pambali. Pansi pake panali bowo, kamsomali kali pakati. Kiyi analowa n'kukhazikika ngati ali kwawo. Koma kutembenuka anakana. Che Amidu analowetsa chitsulo chake chokhomera zidebe m'mutu wa kiyi, iwo kugwira mbali iyi, a Makwinja mbali inayo. Tinamva malilime akubwerera, khethe, khethe, koma limodzi linakanirira pamene chivundikiro chinapindika ndi nyundo. Anauza alamu a a Makwinja kuti akwere pakona imeneyo, alemerepo ndi thupi lonse. Anatembenuzanso. Ine ndinkaopa kuti kiyi athyoka, ndinatseka maso. Ndiye ndinamva kulira kwa chitsulo, ndi mpweya wotentha ukundiwomba kumaso.

Alesi anali atadzipinda pakona, manja onse awiri atatseka makutu. Thupi lonse linali lonyowa, maso otseka, milomo yotuwa. Kukhutu lake lamanzere kunkatuluka kamagazi. Ndinamunyamula, anali lende ngati nsalu. Amayi anaika tsaya pamphuno pake n'kunena kuti akupuma. Tinamutulutsa pansi pa mtengo wa mango, kumuthira madzi, kumukupiza ndi lichero. Dzuwa litapendeka anatsekula maso n'kulira. Amayi a m'mudzi analuluta, ine n'kulira naye limodzi. Tinati Mulungu watichitira chifundo, ndipo ndi zoona anatichitira.

Che Amidu anakana kutenganso kiyiyo. Ndinati nanga mchere wanu uja, anati, "Munadya kale, ndikautenge kuti?" Anati bokosi lotere lili ndi kiyi wake azungu ena a ku Blantyre akhoza kulilirira, ngakhale lapindika chonchi, ndipo wina akadzabwera ndi mchere kapena nsalu tisadzapusitsidwe. Koma asanachoke anandiitana ine ndi amayi, anthu onse akuona, n'kutiuza kuti titseke bokosilo ndi kulitsekula tokha. Tinachita mobwerezabwereza mpaka manja athu anazolowera. A Makwinja anang'ung'udza kuti zimenezi si za akazi. Che Amidu anawafunsa kuti, "Nanga lero mwana potsekeredwa, m'nyumba muno munali mwamuna uti?"

Patapita masiku ndinayamba kuona zachilendo. Ndikamuitana Alesi ali chofulatira, sankatembenuka. Poyamba ndinati wakwiya nane. Tsiku lina mbale yachitsulo inagwa kumbuyo kwake, nkhuku zonse kubalalika, iye osadzidzimuka n'komwe, akungoseweretsa chitsononkho chake. Ndinamubereka mpaka kuchipatala cha mishoni. Asisitere anamuyang'ana m'makutu ndi kanyali, kuwomba m'manja mbali iyi ndi iyo, n'kundiuza kuti khutu lamanzere linafa, lamanja likumva pang'ono, ndipo mankhwala ake palibe. Anafunsa ngati mwanayo anakhalapo pafupi ndi mfuti ikulira.

Panopa ndikafuna kumuuza kanthu ndimagwada kutsogolo kwake kuti aone pakamwa panga. Mawu amene ankadziwa aja ena akumuthawa. Sindimulola kupita kumsewu, poti belu la njinga salimva. Ndikakhala kumunda maso anga amakhala pa iye, khasu limangogwa paliponse. Akangobisika kuseri kwa nkhokwe ndimathamangira komweko, chifukwa ndikudziwa kuti kuitana sikuthandiza, ndiyenera kukamupeza ndi miyendo.

Ndiye inu owerenga, ndikupempheni. Mukapeza kiyi wakale m'nyumba, kudenga kapena pansi pa tiranki, musafulumire kunena kuti ndi wachabe chifukwa wakana pabowo limene mukuliona. Makolo sankasunga chitsulo popanda chifukwa. Muyang'aneni bwino, ngati ali wamphako kapena wopanda mphako, mano ake ndi otani, mutu wake unadyeka pati, kuti ngakhale atasakanizika ndi anzake mumuzindikire. Mukapita naye kwa mmisiri wa maloko, nenani zoona za kumene wachokera. Ine ndinaopa asilikali amene sanabwere n'komwe, n'kubisira munthu yekhayo amene akanandichenjeza. Ndipo ngati chinthu chamoyo chatsekeredwa m'chitsulo, chonde musamenye ndi nyundo. Boolani mpweya, yankhulani naye, thamangirani wodziwa.

Inunso amalume ndi achimwene athu, mukamapita ku Joni kapena mukaona kuti mwakalamba, tiuzeni ife akazi zinthu za m'nyumba. Musamangoti musakhudze. Otsala m'nyumbamo ndi ana ndife.

Anthu obwera kuchokera kumigodi akuti amuna anga afika mvula ikatha. Sakudziwa kanthu. Anachoka Alesi akukwawa, ndipo aliyense wobwerako amandiuza kuti amangokamba za mwana wawo, kuti panopa ayenera kuti akuyankhula ngati wamkulu. Ndikuwadziwa mmene amachitira. Sadzadikira kufika pakhomo. Adzayamba kumuitana ali patali, ali panjira ya kudambo, katundu ali pamutu. Ine ndiye ndidzamva, ndipo Alesi adzakhala pabwalo pomwepo akusewera, atawafulatira.